Msonkho Wanga Unapita ku Joni

Ndinakhalapo padothi pa doko la Kachulu, miyendo chotambalala, msika wonse ukundiyang'ana. Kamodzi kokha. Sindinabe, sindinamenye munthu, ndipo msonkho ndinali nditakhoma wonse. Ana anga amaikamba nkhaniyi pa maukwati mowonjezera mchere, ndiye ndati ndiilembe ndekha mmene inachitikira.

Ine ndinali msodzi monga bambo anga. Chaka chimene nyanja ya Chilwa inauma, mpaka anthu kumapita ku chilumba cha Chisi wapansi, ndinapachika maukonde n'kukalembedwa ntchito pa sikimu ya mpunga. Ntchito yanga inali kutsegula ndi kutseka madzi m'ngalande. Sanandilembe mondimvera chisoni ayi. Ndinafika Sitandade 6 yakale ku mishoni, ndipo m'mudzi mwathu munalibe wina wolemba kalata yomveka koma ine. Amayi amene amuna awo anali ku migodi ya ku Joni ankabwera pakhonde panga Lamulungu masana kuti ndiwalembere. Ankanditchula kuti aphunzitsi, ngakhale choko sindinagwirepo. (Sindinawaletse.) Dzina limeneli ndilo linali chuma changa, chifukwa ng'ombe ndinalibe.

Mwezi woyamba utatha tinandanda pa zenera la ofesi. Ndinatsegula envulopu pomwepo, n'kuwerenga. Zinali zochepa poyerekeza ndi zimene kapitawo anandiuza pondilemba. Kalaliki wathu anali Che Saidi, mnyamata wovala masokosi oyera ofika m'mawondo, amene ndinamuona ndi maso angawa akuingitsa mbalame m'munda wa amayi ake ali wosavala.

"Che Saidi, ndalamazi zaperewera."

"Sizinaperewere, madala. Tadula msonkho. Takhalani pabenchipo, ndikangomaliza mzerewu ndikufotokozerani mmene umayendera."

Kumbuyo kwanga kunali amuna amene ndinkawawerengera makalata. Ine kukhala pabenchi, kudikira kuti mwana andiphunzitse?

"Ndikudziwa," ndinatero. "Ndimafuna ndione ngati inuyo mukudziwa."

Sindinkadziwa kanthu. Msonkho umene ndinkaudziwa ine unali umodzi: mwamuna aliyense amakhoma kamodzi pachaka, wofanana kwa onse, n'kulandira chiphaso. Wodula mwezi ndi mwezi ndinali ndisanaumvepo. Komanso masiku amenewo za boma sunkafunsa kawiri. Ukafunsa kwambiri, wina ankafuna kudziwa chifukwa chake ukufunsa.

Patapita miyezi anandiwonjezera malipiro chifukwa geti langa la madzi silinkasefukira. Chodulidwa chija nacho chinakwera. Che Saidi anandilozera pepala la mizeremizere limene linali pakhoma.

"Mwalowa gulu lina tsopano, madala. Onani apa, wolandira kuyambira apa mpaka apa..."

"Ndinaona kale."

Ndinatuluka. Njira yonse ndinawonkhetsa m'mutu, ndipo ndinapeza kuti pachaka adzakhala atandidula zoposa zimene msodzi amakhoma. Ndinasunga mumtima.

Chaka cha msonkho chitatha, aliyense anapatsidwa khadi. Langa linali ndi dzina langa, nambala, ndi timabokosi khumi ndi tiwiri. M'kabokosi kalikonse munali mutamatidwa sitampa.

"Mulisunge bwino limeneli, madala. Masitampawa ndiwo..."

"Kodi ndinatayapo pepala ine?"

Anaitana wotsatira.

Kunyumba ndinaliyala khadilo patebulo n'kuyamba kuganiza. Ndipo ndinapeza yankho, loti mpaka lero ndimati linali la nzeru, kungoti silinali loona. Ndinati khadi ili ndilo chiphaso changa. Koma popeza andidula zoposa msonkho wa munthu wamba, boma lili ndi chenji changa. Wa golosale akasowa chenji amakupatsa machesi kapena maswiti. Boma lilibe maswiti, lili ndi positi ofesi. Ndiye landibwezera masitampa. Ndinawayang'ana bwino: panali dzina la dziko, panali mtengo, m'mbali munali timano ngati sitampa ina iliyonse. Panalinso mawu ena aang'ono achingerezi amene ku mishoni sitinafikepo. Amenewo ndinawasiya.

Mayi a kunyumba anamvetsera zonse akupeta mpunga.

"Bambo, mukanafunsa kaye."

"Ndifunse yani? Ofunsa amabwera pakhonde pano. Ikani ketulo pamoto."

Anaika. (Amanena kuti anapukusa mutu. Ine sindinaone.) Ndinagwira khadi pamlomo wa ketulo, nthunzi n'kufewetsa ulimbo, ndipo ndinamatula imodziimodzi ndi nsonga ya mpeni. Palibe inang'ambika. Ndinawayanika palichero. Ntchito inali yaukhondo, zimenezo palibe angatsutse.

Lamulungu lotsatira amayi anabwera mwa nthawi zonse. Woyamba anali alamu anga a Felesiya, akazi a mng'ono wanga amene anali ku mgodi chaka chachiwiri.

"Lero musavutike ndi kugula sitampa," ndinalengeza. "Ndikupatsani ine."

Ndinamata ndi njere za mpunga wophika. Kalata ya kutali ndinkaikapo awiri, kuti asanene kuti ndine woumira. A Felesiya anaitenga envulopuyo n'kuiyang'anitsitsa.

"Aphunzitsi, bwanji iyi ikuoneka yachilendo?"

"Ndi yatsopano. Amapatsa anthu apantchito okha."

Amayi onse anaomba m'manja, wina mpaka kanthungululu. M'mawa ndinapalasa njinga kupita ku Jali, n'kukaponya makalatawo m'bokosi ndi dzanja langa. Pofika Lamulungu lachitatu masitampa onse anali atatha, ndipo mbiri yanga inali itafika midzi itatu.

Madzi anali atabwerera m'nyanja, milamba yayambanso kugwidwa. Loweruka lina ndinapita ku Kachulu kukagula ndiwo. Ndikutsatsa choncho, ndinangoona anthu akubalalika. Kalaliki wa msonkho anali ataika tebulo pansi pa mtengo, amesenjala ndi anyamata achipani atatseka njira zonse. Asodzi ena anathawira m'mabango, ena anakankha mabwato osatenga n'zopalasira zomwe. Che Bwanali, mnzanga amene tinkasodza limodzi kale, anam'gwira ali m'madzi ofika m'chiuno. Akudutsa naye, ndinamuuza mokweza:

"Mwamuna amakhoma msonkho, Che Bwanali. Sathawa ngati nkhanu."

Kenaka ndinapita patebulo. Palibe anandiitana, izi ndivomere. Ndinapita ndekha, kuti anthu aone mmene munthu wapantchito amachitira. Ndinatulutsa khadi m'thumba la malaya n'kuliika patsogolo pa kalaliki.

Analitsegula. Analitembenuza. Analikweza n'kuliyang'ana padzuwa.

"Masitampa ali kuti, bambo?"

"Ndinagwiritsa ntchito."

"Ntchito yanji?"

"Ntchito ya sitampa."

Anavula magalasi. "Pakalipano ali kuti?"

"Ambiri ali ku Joni. Awiri ali ku Halale."

Anaitana mkulu wa amesenjala. "Tabwerani mudzamve izi. Bambo awa msonkho wawo unapita kukakumba ku mgodi."

Mesenjala uja sanaseke msanga. Anandifunsanso yekha, ine n'kubwereza, pamenepo ndi pamene anagwira mtengo kuti asagwe. Kalaliki anandiuza mwachidule kuti khadi lopanda masitampa ndi pepala loyatsira fodya, ndipo ndisankhe: kukhomanso msonkho wonse pomwepo, kapena kukwera lole yopita kundende ku Zomba madzulo. M'thumba ndinali ndi ya milamba itatu.

"Khalani pansi uko ndi anzanu."

Ndinayang'ana ngati pali mpando. Panalibe. Che Bwanali, kabudula akadali chonyowa, anasuntha pang'ono.

"Takulandirani, aphunzitsi. Bwerani kuno kuli kamthunzi. Ife nkhanu timadziwa pokhala."

Ndinakhala. Dzuwa la ku Kachulu aliyense amalidziwa, ndi fungo la nsomba zowamba, ndi ntchentche. Koma zimenezo sizinandipweteke. Chinandipweteka n'chakuti amayi awiri amene ndinawamatira makalata anali pomwepo akugulitsa zitumbuwa, ndipo anamva zonse. Mmodzi anabwera pafupi, n'kugwada mwaulemu.

"Aphunzitsi, ndiye kalata yanga ija ifika?"

Kanali koyamba kuti mayi andifunse funso la kalata ine n'kuyang'ana kumbali.

Uthenga unafika kunyumba, mayi a kunyumba n'kuthamangira kwa Che Saidi. Dzuwa litapendeka ndinamuona akubwera panjinga, buku lalikulu la malipiro atalimanga pakaliyala. Linali tsiku lake lopuma. Anapereka moni kwa kalaliki wa msonkho, natsegula bukulo, namuonetsa dzina langa ndi zimene anandidula mwezi uliwonse. Sanaseke ngakhale pang'ono. (Akanaseka zikanakhala bwino, ndikanapeza pomukwiyira.) Atatha anabwera pamene ndinakhala, nanjuta.

"Madala, poti mwakhala kale pansi, ndifotokoze?"

"Fotokozani."

Anafotokoza, anthu onse ogwidwa aja akumvetsera ngati ali m'kalasi. Anati msodzi ndi mlimi amakhoma kamodzi pachaka chifukwa boma silidziwa zimene amapeza. Munthu wapantchito malipiro ake amadziwika, ndiye amamudula pang'onopang'ono mwezi uliwonse, ndipo wolandira zambiri amadulidwa zambiri, malinga ndi gulu lake papepala lija la pakhoma. Ndalama yodulidwayo abwana sasunga, amagulira sitampa ya msonkho ku boma n'kumata pakhadi. Sitampa iliyonse ndi chiphaso cha mwezi umodzi.

"Ndiye chenji palibe?" ndinafunsa.

"Chenji cha chiyani, madala?"

"Basi. Pitirizani."

"Ndamaliza."

Zonsezo zinatenga nthawi yochepa kuposa kuwiritsa ketulo. Che Bwanali anati, "Ngakhale ine ndamva." Kalaliki wa msonkho analemba kapepala kuti ndikaonekere ku ofesi yawo Lolemba ndi kalata ya ku sikimu, ndipo anandichenjeza kuti kumatula sitampa ya boma ndi mlandu, koma andisiya chifukwa sanaonepo munthu woba msonkho wake womwe. Ndinaimirira, n'kusasa fumbi. Kwa Che Saidi ndinati zikomo. Ndinanena motsitsa, koma ndinanena. Milamba sindinagule.

Makalata aja ena anabwerera atadindidwa zidindo zofiira. Ena anafika, ndipo kufikako ndiko kunali koipa, chifukwa wolandira ankalipira chindapusa asanapatsidwe. Yankho la mng'ono wanga linabwera patatha mwezi, ndipo popeza wowerenga m'mudzi ndinali ine ndemwe, ndinaliwerenga ndekha mokweza pamaso pa akazi ake. Anati: "Uwauze achimwene kuti ndalipira ndalama ya tsiku lathunthu pansi pa nthaka kuti ndimve zoti mbuzi yaswa. Ulendo wina mbuzi ikaswa, ingoswani nayo." Ndinawerenga mawu onse, osadumpha ngakhale limodzi. Kalata ya munthu sindinaibepo.

Ndinkayesa kuti pakhonde panga sipadzabweranso munthu. Lamulungu ndinatulutsa tebulo monga kale, n'kukhala ngati ndikukonza cholembera. Anabwera. Akanapita kuti? Anakhala pamphasa, anapereka moni, aliyense kansalu kake kali ndi mfundo pangodya. Ndinawalembera a Felesiya, n'kupinda kalata, n'kulemba keyala paenvulopu. Anamasula mfundo ija, n'kutulutsa sitampa ya ku positi. Ndinatambasula dzanja.

"Iyayi, aphunzitsi," anatero a Felesiya, sitampa ali chofumbata. "Inu lembani basi. Kumata timata tokha."

Ndinawalembera zaka zambiri pambuyo pake, mpaka ana awo anaphunzira, koma sitampa ya munthu sindinaikhudzenso. Anzanga amati nkhaniyi inandiphunzitsa kufunsa. Inandiphunzitsa kuti kufunsa n'kofunika, zimenezo ndikuvomera. Pepala likandivuta masiku ano, ndimatuma mayi a kunyumba kuti akafunse.