Mmene Ndinatsitsira Mpando wa Lole

Mulungu pogawa zinthu, ine anandipatsa msinkhu wodzaza dengu, koma nzeru anangondikombera zotsalira. Nkhani iyi sindiikamba kawirikawiri, chifukwa ndi imene inandichotsa pa chiwongolero n'kundiika pamene ndili lero.

Anali masiku a chitaganya, ndili mnyamata, nditangopeza ntchito yoyendetsa lole ya Mmwenye wina wa sitolo pa Limbuli. Inu a masiku ano simungamvetse. Dalaivala nthawi imeneyo anali munthu. Ukadutsa pamsika, amayi ankasiya kuyeza nandolo n'kumakuperekeza ndi maso. Ngakhale kwawo kwa Esinati, mtsikana amene ndinkamufunsira, anayamba kundiyalira mphasa chifukwa cha lole yomweyo. (Ndisanapeze ntchitoyo ankangoti “mlongoti uja wabweranso”.)

Tsono loleyo ankayendetsa kale a Jasi, bambo wamfupi ngati mtondo, ndipo mpando anaukonza molingana ndi msinkhu wawo. Ine ndikakhalapo, mutu unkagunda denga, mawondo atakumbatira chiwongolero. Kuti ndione msewu ndinkachita kupinda khosi ngati kakowa. Misewu yake inali ya miyala ndi maenje, ndiye bampu iliyonse, mutu gu! Mwezi usanathe mutu wanga unali matutu okhaokha ngati munda wa mbatata.

Ndinapita kwa bwana. “Bwana, mpando uja ndi wautali.”

Iwo osadzutsa n'komwe nkhope pa nsalu imene ankayeza. “Mpando si wautali. Wamtali ndiwe. A Jasi sanadandaulepo.”

Munthu wanzeru akanapita kwa makaniko. Ine ndinakabwereka sowo.

Lamlungu masana, titaweruka ku tchalitchi, ndinayamba ntchito kuseri kwa sitolo. Choyamba ndinachotsa pilo wa thonje amene a Jasi anamangirira pampandopo. Ndinakhalapo: mutu ukukhudzabe. Ndinanyamula mpando wonse, ndipo ndinapeza kuti unakhala pa bokosi lamatabwa, m'bokosimo muli batire ya galimoto, pamwamba pake pali thabwa lochindikala lovindikira. Ndinati, thabwa ili likudya malo aulere, ndinalitaya uko. Ndinakhalaponso: pang'ono ndithu, koma chipewa sichikanalowa. Ndipo ine ndinkafuna chipewa. Dalaivala wopanda chipewa ndi dalaivala wanji?

Ndiye ndinatenga sowo n'kudula bokosi lija m'mbali zonse. Mbali imodzi inapendekeka, ndinadulanso inzake kuti zilingane. Inzakeyo ndinapitiriza muyeso, ndinabwerera ku yoyamba ija. (Amene munayesapo kulinganiza miyendo ya tebulo mukudziwa kumene njira imeneyi imathera.) Pomaliza ndinasuzumira pansi, ndinaona kuti pakati pa masipuling'i a mpando ndi mitu ya batire patsala kampata kolowa chala. Ndinati kakwanira. Sindinaganize kuti ndinayeza mpando wopanda munthu, ndiponso kuti munthu wake ndine.

Ulendo woyamba unali wa ku Thuchila, kukatula mchere, mabelo a nsalu ndi matini a palafini. Zinangochitika kuti tsiku lomwelo amayi ake a Esinati ndi amalume ake, a Waisoni, ankapita komweko ku sadaka, atasenza mtsuko waukulu wa thobwa. Bwana ankaletsa kunyamula anthu, koma ine ndinawatumizira mawu kuti akandidikire pokhota, kuseri kwa mabulugama. Ndinkafuna andione ndili m'chipewa.

A Waisoni anakwera kutsogolo. Amayi aja anakwera kumbuyo, pa matumba a mchere, mtsuko uli pakati pa miyendo. Paja ine ndi iwo tinkathawana monga mwa mwambo. Sitinkayang'anana kumaso, ndipo mawu awo ankandipeza kudzera mwa a Waisoni.

“Akuti zikomo, adalaivala.”

“Auzeni agwiritse,” ndinatero, ndikukonza chipewa.

Abale, chigawo choyamba cha ulendowo chinali chokoma. Khosi lili chilili, msewu ndikuuona wonse, minda ya tiyi ili biriwiri uku ndi uku, otchola tiyi akundibayibitsa. Ndinafika poyimba nyimbo ya kwaya.

Titapitirira pa Boma, phiri la Chambe likuonekera kudzanja lamanja, a Waisoni anayamba kununkhiza.

“Adalaivala, simukumva fungo?”

“Ndi fakitale imeneyo, akuwamba tiyi.”

“Tiyi wake wonunkha ngati chiguduli?”

Ine kunena zoona ndinali nditayamba kumva kufunda pansi panga, koma ndinkayesa ndi manyazi okhala pafupi ndi akuchikazi. Kenaka tinagunda bampu, ndipo pansi pa mpando panamveka thethethe! Kufunda kuja kunasanduka kuluma. Masipuling'i anali atagwira mitu ya batire, moto n'kulowa mu khonje wa m'kati mwa mpando.

Tsoka lake, pamenepo n'kuti tikuyamba kutsetsereka kulowera ku mlatho. Buleki ya lole imeneyo inkagwira ukaipopa kambirimbiri, ndipo kuti uipope umayenera kutsamira mpando ndi mphamvu. Ndikapopa, ndikuzikanikiza pamoto. Ndikanyamuka, mutu gu kudenga, phazi n'kuchoka pa buleki. Kutsogolo mtsinje, kumbuyo palafini ndi apongozi, pansi moto. Ndinasankha kupsa. Ndinakhala pamotopo n'kumapopa, misozi ili chuchuchu, ndikukuwa mayina a abale anga onse, amoyo ndi akufa omwe.

“Imani! Imani!” a Waisoni akukuwa, utsi uli tolo m'galimoto.

“Ndikuima, malume! Ndikuima!”

Iwo sanadikire. Anatsegula chitseko, n'kudziponya m'tiyi. Lole inakaima m'ngalande, mlatho uli apo.

Ndinatuluka buluku likuyaka kumbuyo. Munthu ukamapsa kumene sukuonako, nzeru zimathawa. Mtsinje unali pafupi, koma ine ndinayamba kuzungulira lole, ndikudzimenya ndi chipewa chija mpaka nacho chinagwira moto. Ndinangomva mawu pamwamba pa lole, akukuwa za moto m'Chilomwe, “Mooro! Mooro!” Kenaka dzanja lolimba linandigwira lamba, mwendo unandipinga, ndinagwa chafufumimba m'fumbi. Anali amayi ake a Esinati, munthu amene anali asanandiyang'anepo kumaso. Anang'amba chotsala cha bulukulo, n'kundikhuthulira mtsuko wonse wa thobwa.

“Gonani pomwepo! Musatembenuke!”

Amenewo ndiwo mawu oyamba amene anandilankhula okha, popanda wapakati.

Azimayi otchola tiyi anathamanga ndi mchenga m'madengu, n'kuzimitsa moto usanafike ku palafini. Koma mpando, mawaya ndi theka la chiwongolero zinali makala. Ine ndili chigonere, masese a thobwa ali mbuu, ntchentche zayamba kale msonkhano, gulu la azimayi litandizungulira. Wina anati, “Kutalika konseku, kupsa kwake n'kukasankha pamenepa?” Apongozi anavula chitenje chapamwamba n'kundifunditsa. Ndinapita ku chipatala pa ngolo ya ng'ombe, chafufumimba, nditavala chitenje cha maluwa, miyendo ikulendewera kunja chifukwa ngoloyo inali yaifupi.

Bwana anabwera kudzandiona atanyamula zidutswa za matabwa zimene anazipeza kuseri kwa sitolo. Sanakalipe. Anangoziika pa bedi.

“Ndinalemba dalaivala kapena kalipentala?”

Lole itakonzedwa anaitananso a Jasi, ndi pilo wawo.

Nditachira ndinayenda m'maesiteti onse kufuna ntchito ya galimoto. Mbiri inali itafika kale. Kapitawo aliyense akangoona msinkhu wanga ankayamba kuseka ndisanatsegule pakamwa. “Ndinu aja a thobwa?” Wina anachita kuitana anzake kuti adzandione. Ntchito imene ndinapeza inali yotchola tiyi, ndipo mitengo ya tiyi imalekeza m'chiuno mwa munthu wamba, ine m'mawondo. Chiwongolero sindinachigwirenso mpaka lero.

Za ukwati ndinali nditataya mtima. A Waisoni, amene anathyoka dzino podziponya muja, ananenetsa pa bwalo la abale kuti munthu wotentha galimoto ndi matako sangasunge mwana wa eni. Esinati ankangolira. Koma amayi ake anadula nkhani.

“Thobwa langa linathera pa iyeyu. Chitenje changa chinathera pa iyeyu. Ndipo zimene ndinaona ine pamsewu paja, sangapite nazo kukakwatira mudzi wina. Ndi wa pano basi.”

Ndinakwatira, n'kukakhala chikamwini pakhomo pawo. Mwina mukuti nkhani yatha bwino. Dikirani. Kuthawana kuja kunathera pa mlatho, moti pamene akamwini anzanga ankalemekezedwa ndi apongozi awo, ine anga ankandiitana ali tsidya la bwalo, pa ukwati, pa maliro, ngakhale pakhomo la tchalitchi abusa ali pomwepo:

“Akamwini! Kwapola kumbuyoko?”

Ana anga anakula akumva funso limeneli. Alendo akafunsa tanthauzo lake, amayi ankawakhazika pansi n'kuwafotokozera zonse, ndi manja omwe, osasiyako kanthu.

Atakalamba n'kudwala matenda awo omaliza, anatuma Esinati kuti andiitane. Ndinalowa m'nyumba, abale atakhala m'mbali mwa khoma, ena akusisima. Ndinagwada pafupi ndi mphasa, ndikuganiza kuti pali mawu a munda kapena a ana amene akufuna kundisiyira. Anandikodola kuti ndisendeze khutu. Mawu anali atatha, koma ndinamva bwinobwino, ndipo a m'mbali mwa khoma anamvanso.

“Kwapola?”

Anthu analephera kudzigwira, anaphulika kuseka, misozi ili m'masaya. Ine ndinangoti, “Kunapola kale, amayi.” Iwo anapukusa mutu pang'onopang'ono, osakhulupirira, n'kutseka maso.

Phunziro lake ndakhala ndikulifufuza zaka zonsezi nditaweramira tiyi. Limene ndapeza ndi laling'ono: ukamanyamula apongozi, uziyamba wafunsa chimene chili mumtsuko. Akanakhala kachasu, bwenzi mulibe wokuuzani nkhaniyi.