Laimu Wanga, Chipinda cha Eni

Lolemba
Nkhani yabwino! Aphunzitsi a m'chipinda chakumaso awasamutsira ku Dwambazi. Chipinda chimenecho: khonde, mawindo awiri, chitseko chotseguka popanda kuchimenya ndi phewa. Changa chakuseri chino chayang'anana ndi migolo imene mayi a pano amaviikamo chinangwa cha kondowole. Fungo lake lalowerera mpaka m'malaya a kutchalitchi.
Lamulungu apongozi akubwera kuchokera ku Mwadzama kudzaona pomwe ndikukhala. Akakhutira, mkazi wanga Esinati ndimutenga chitengwa. Akapanda kukhutira, ine ndi wa chikamwini, kukalima mpunga wa eni. Ine, telala wa makina angaanga!
A landilodi, a Sadiki, ndawapeza akusoka ukonde. Akuti, "Lowanimo mwana wanga, Inshallah." Tagwirana chanza. Yatheka basi.

Lachiwiri
Zogula: laimu, bulashi, loko, nsalu ya makatani. Tsiku lonse ndili pamwamba pa mpando. Khoma layera mbee, tsitsi langa chimodzimodzi. Odutsa akundipatsa moni wa agogo.
Ndasamutsa kale bedi, makina, mbaula ndi mpando wa apongozi. Kudikira n'kwa anthu opanda mapulani.

Lachitatu
Mayi Asiyatu, akazi awo a Sadiki, abwerako ku maliro ku Liwaladzi. Aima pakhomo, manja m'chiuno. "Wakupatsani ndani?" Ndikuti abambo. Aseka mpaka kupukuta misozi ndi mpango.
Kani a Sadiki pano ndi mkamwini! Malo ndi a mayi, nyumba ndi za mayi, mtengo wa mango ndi wa mayi. Zaka zitatu ndakhala ndikugwadira munthu wolakwika. Ndawafunafuna abambowo, akuti apita kunyanja. Koma ukonde uli pampanda, nkhafi ili pakhonde.

Lachinayi
Mayi akuti iwo alibe nane chifukwa, koma za nyumba amagamula ndi alongo awo, a Twaibu, mwini mbumba. Ndapalasa njinga mpaka kwawo, shuga ndi buledi pakaliyala. Amwa tiyi, ayamikira ulemu wanga, afunsa ngati ndingawapindire thalauza. Ndapinda. Yankho: mawa.
Pobwerera, m'chipinda changa chakale muli munthu! Bambo wodzaza chitseko, wangosiya kumene ntchito yodula mzimbe, wabwera ndi zikwanje zake ziwiri. Wamulowetsa ndani? A Sadiki omwewo, ataona kuti ndatulukamo. Munthu wopanda nyumba, koma kugawa kwake!

Lachisanu
Onse ali kumzikiti. Ndadikira pansi pa mango, mfundo zanga papepala:
1. Tinagwirana chanza.
2. Laimu ndi wanga.
3. Sindinakwezepo wailesi pakhomo pano.
4. Apongozi.
A Twaibu amvetsera zonse zinayi, mutu ukugwedezeka bwinobwino, ine mtima m'malo. Kenaka akuti chipindacho adalonjeza kalekale mwana wa mchemwali wawo wina, amene nikaha yake, ukwati wa Chisilamu, ndi mawa. "Mwachita bwino kupaka, Mulungu akudalitseni."
Ndayankha kuti ameni. Zangotuluka zokha pakamwa.

Loweruka
Ukwati. Katundu wanga ali panja, makatani anga ali pawindo la akwati, ndipo alendo akuyamikira kusoka kwake. Ndapita kwa bambo wa mzimbe uja kukapempha kuti andibwezere chipinda. Ndamupeza akunola chikwanje. Akuti fungolo silikumuvuta, ali ndi chimfine. Ndabwerera chambuyo.
Mpunga wa paukwati ndadya mbale ziwiri, ndipo sindinama, ngwokoma. Mayi Asiyatu andimvera chisoni, andipatsa kasitolo ka makala "pongoyembekezera".

Lamulungu
Apongozi afika m'mawa kuposa mmene tinapanganira, Esinati pambuyo. Andipeza ndikutuluka m'kasitolo chokwawa, nkhope bii. Mpando wawo akana. Ayang'ana ine, ayang'ana bedi lili panja ndi nkhuku ziwiri pamwamba.
"Bambo, nazale ya mpunga tafesa kale. Mubwere Lachitatu, khasu lilipo."
Esinati wabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Mtima ukundiwawa, sindibisa, koma nditani.
Madzulo a Sadiki atulukira, kudzandithandiza kumanga makina panjinga. Amanga mfundo ya asodzi, yolimba. Kenaka ayang'ana uku ndi uku, nandinong'oneza kuti chikamwini si imfa, munthu umanenepa ndithu. Kungoti ndikakafika kumeneko ndisamalonjeze munthu kanthu, ngakhale mpando.