Kobala wa mapichesi, kuti ndichoke pa mandasi

Lolemba, 6 Ogasiti

Basi, ndatsimikiza. Mandasi ndasiya!

Zaka zisanu ndi chimodzi. Chiyanjano chilichonse cha mpingo wathu kuno ku Leicester, mndandanda wa zakudya umatuluka chimodzimodzi: Mai Nyirenda nkhuku, Mai Tembo saladi, ine mandasi. Lamulo lake silinalembedwe paliponse koma ndi lolimba kuposa la viza: chimene unabweretsa tsiku loyamba, anthu n'kuchimaliza, ndi chako mpaka imfa. Ine ndinalakwitsa, ndinakazinga bwino.

Zotsatira zake:
– Loweruka lonse limathera pa chiwaya
– makatani akukhitchini amanunkha mafuta mpaka Lachitatu
– ana amumpingo amanditcha Anti Mandasi. Dzina langa lenileni sakulidziwa, ndawafunsa.

Lamulungu likubwerali ndibweretsa kobala wa mapichesi. Mapichesi pansi, mtanda pamwamba, mu uvuni, mphindi makumi anayi, nkhani yatha. Munthu n'kukhala pansi, miyendo tambalale.

Resipi andipatsa ndi Mai Doreen a chipinda chapakona kuntchito, kunyumba yosamalira okalamba ku Oadby. Mkulu wawo anakwatiwa ku America, kwawo kwa kobala. Mai Doreenwo dzina langa amaliiwala kawiri pa shifiti, koma muyeso wa shuga akuutchula ngati ndime yoloweza.

Ndalembera Mai Nyirenda, wapampando wa amayi. Yankho lawo: "Tiyesa. Mbale ikatha yonse, tikusamutsani. Ikatsala, kwanu mukukudziwa."

Lachiwiri, 7 Ogasiti

Kumsika wam'tauni. Mapichesi ali mbwee. Wogulitsa akundiikira ofewa, oti ukadina chala chikulowa. Ndikuwabweza. Kwathu ku Dedza pichesi lofewa timataya, labwino ndi lija limalira ukaluma. Ndikusankha ndekha, olimba okhaokha, khumi ndi awiri. Iye akuti ndiwasiye pawindo masiku anayi. Ndikungomwetulira. Mwana wa ku Dedza aphunzitsidwe pichesi ndi munthu wa ku Leicester?

Zofunika zina:
– ufa wa tirigu: ulipo, thumba la mandasi, lalikulu ngati mwana
– batala weniweni, osati majarini
– sinamoni: alipo, wa chaka chimene sindikuchikumbuka
– mbale ya mu uvuni: ndabwereka

Madzulo a Phiri, amuna anga, aima pa sinki ndi mpeni, adya asanu. "Awa ndiye mapichesi," akutero. Atsala asanu ndi awiri. Ongoyeserera akwana.

Lachitatu, 8 Ogasiti

Lero ofu. Kuyesa koyamba.

Kusenda: ola lathunthu, chala chimodzi pulasitala. Ndathira zonse monga ananenera Mai Doreen. Mu uvuni. Nyumba yonse fungo lokoma, mpaka ndaimba nyimbo ya kwaya.

Mphindi makumi anayi zakwana. Pamwamba pofiira bwino. Ndikulowetsa mpeni pakati, monga timayesera keke kapena chigumu chilichonse chiyambire dziko. Mpeni watuluka wonyowa.

Wabwerera mu uvuni. Mphindi makumi awiri. Mpeni wonyowa.

Enanso makumi awiri. Wonyowabe, ndipo m'mbali mukubwata ngati ndiwo.

Ndakweza moto. Ndatsuka mbale. Ndayankha foni ya kumudzi, nkhani ya malata. Alamu ya utsi!! Ine pa mpando, thaulo m'manja, kukupiza denga. Oyandikana nawo sakutuluka n'komwe, anazolowera pa mandasi.

Koma mpeni watuluka wouma. Kulowa kwake ndiye kwavuta.

A Phiri atafuna nthawi yaitali, maso ali kumwamba. "Ndi tiyi wotentha chikhoza kugonja."

Lachinayi, 9 Ogasiti

Ndaganiza m'basi yopita kuntchito, vuto ndalipeza: madzi amachuluka. Komanso resipi imati "musatakase". Chakudya chanji chosatakasa? Mwina Mai Doreen anasokoneza, zaka zapita.

Kuyesa kwachiwiri, nditaweruka. Ufa ndawonjezera makapu awiri, ndatakasa bwinobwino mpaka dzanja kuwawa. Chatuluka chinthu. Dzina sindikulipeza. Chikufanana ndi phala la dzulo limene wina wabisamo mapichesi.

Pa gulu la pa foni la amayi zinthu zikukula zokha:
– abwera alendo a ku Normanton, minibasi yodzadza, ndi m'busa wawo
– abwera ana asukulu a ku Loughborough, asanu ndi anayi, ndipo amenewa amadya ngati mawa kulibe
– mandasi atenga Mai Tembo. Akuti kwawo ku Chipata amati vitumbuwa, "nifuna muone difarensi".

Ena akufunsa kuti kobalayo ndi chiyani. Mai Nyirenda ayankha ine ndisanayankhe: "Ndi keke ya Mai Phiri." Si keke. Koma kuti ndi chiyani, nanenso lero sindingalumbire.

Mbale imodzi siikwana. Zitatu.

Lachisanu, 10 Ogasiti

Ndatengera Mai Doreen kachidutswa ka Lachitatu, m'kapepala, nthawi ya tiyi. Akutembenuza, kununkhiza, kugogoda nako pa sosala. Sosala ikulira.

Ndikuwafotokozera za mpeni. Aseka mpaka nesi kubwera kudzaona.

"Mwana wanga, amayenera kukhala wonyowa. Madziwo ndiye kobalayo. Mpeni ukufunamo chiyani? Amadya ndi sipuni."

Ndiye kuti Lachitatu lija, pa mphindi makumi anayi, ndinali nditamaliza. Ndinaona kobala wakupsa ndi maso angawa, n'kumubweza kumoto katatu ngati wakuba.

Za mapichesi olimba sindinawauze. Anena okha: "Ndipo ugule ofewa, oti madzi akutsikira m'chigongono." Kenako andifunsa dzina langa.

Wogulitsa uja ndimupewa mwezi wonse.

Loweruka, 11 Ogasiti

Ndapita kumsika wina, mbali ina ya tauni, komwe sandidziwa. Ofewa, makumi atatu. Ndikulipira maso ali pansi. Amayi anga akanaona akanati ndagula zinyalala.

A Phiri ndawaletsa kulowa kukhitchini. Kulibe vuto, ofewa sadya.

Mbale zitatu. Osatakasa. Ndaika manja kumbuyo kuti asachite zawo. Mipeni yonse ndatsekera mu drowa.

Mphindi makumi anayi. M'mbali mukubwata, pakati pakugwedezeka. Mtima ukuti bweza, bweza, anthu adwala m'mimba. Ndatulutsa. Ndatuluka panja kukaima pa zingwe za zovala kuti ndisasinthe maganizo.

Ndalawa pakona.

Mayo ine!

Pamwamba pouma bwino, pansi pofewa, madzi ake ngati uchi. A Phiri adya, kenako apukuta mbale ndi chala. Zaka makumi awiri za banja, chala chimenecho ndachiona kawiri.

Ndipo taonani nthawi: folo koloko masana, Loweruka la chiyanjano, ine ndili pa sofa. Tsitsi likununkha tsitsi.

Ndavundikira mbale zonse ndi foyilo. Pamwamba ndalemba ndi zilembo zazikulu: WAPSA. AMAKHALA WONYOWA. MUSABWEZE MU UVUNI.

Lamulungu, 12 Ogasiti

Ndasiya mbale kukhitchini ya holo, ndathamangira kukwaya.

Zimene zachitika ndazimva pambuyo. Mai Nyirenda amayendera chakudya chonse mapemphero asanayambe, ndi udindo wawo. Avundukula foyilo osawerenga, magalasi anali m'chikwama. Aona madzi. Aitanitsa mpeni.

M'busa wa ku Normanton walalikira ola ndi theka, kenako wati "pomaliza", ndiye theka lina. Pa pemphero lachiwiri ndamva fungo. Ndalidziwa. Ndi la Lachitatu. Koma ndili mzere woyamba wa kwaya, mu yunifomu, pakati pa anthu awiri onenepa. Ndangotseka maso ngati wina aliyense.

Tikutuluka, Mai Nyirenda andikokera pambali, mawu otsitsa, mwachikondi chenicheni. "Musadandaule, palibe amene waona. Inali yaiwisi zedi pakati, koma ndakuphimbirani manyazi."

Ndathokoza. Nanga ndikanatani? Ndi akuluakulu, ndipo anagwada pa uvuni ndi bondo lawo lovuta lija chifukwa cha ine.

Mmene zathera:
– mbale yoyamba: yadyedwa pakona pamodzi. Wadya ndi m'busa, mwaulemu.
– yachiwiri: ana a ku Loughborough aiyang'ana, apitirira. Amenewo!
– yachitatu: sipuni yakhota.

Ine kuzungulira ndi foni, kuonetsa anthu chithunzi cha dzulo. Aliyense akuti, "Eee, apa inali isanapse."

Vitumbuwa va Mai Tembo vatha, koma difarensi taionadi. Bambo wina wachikulire wafunsa mokweza ngati mumpingo muli mkangano umene sanauzidwe, poti mandasi enieni sakuwaona. Mai Tembo okha andigwira dzanja pa khomo: "Mwana wa amai, tenga vinthu vako. Nauka foo koloko ine."

Amayi akumana mphindi zisanu pafupi ndi sinki, ine ndikupala mbale. Chigamulo achilengeza pamaso pa alendo, ndi m'manja ndi nthungululu. Poona kufunika kwa utumiki umenewu, akhazikitsa Komiti ya Mandasi, ndipo ine ndasankhidwa kukhala wapampando, popanda wopikisana naye.

Ndafunsa kuti mamembala ena ndi ndani. Akuti tiyambe kaye ndi wapampando.

Mbale zili m'madzi, mwina pofika Lachiwiri zimvera. Chiyanjano china ndi mwezi wamawa, akuti kubwera a ku Nottingham. Yisiti watha. Ndidutsa pogula mawa pochokera kuntchito.