Golide wa M'phika wa Apongozi

Lolemba

Ndili kumishoni kukatenga masileti a ana anga a sukulu. M'chipinda cha mankhwala, mabotolo akale a Bambo, wansembe wathu, ali ndi tizithunzi m'malo mwa maina. Ndifunsa. Bambo andijambulira pa sileti, ati anthu akale a ku Ulaya ankalemba motere:

golide: dzuwa, kampira kokhala ndi kadontho pakati
siliva: mwezi wongooneka kumene
chitsulo: kampira ndi muvi
mchere: kampira kodulidwa pakati
moto: ngati denga la nyumba, madzi: denga lomwelo kulizondotsa
mtovu: ngati chikwakwa chokhala ndi mtanda

Ati anthuwo ankaphika mtovu kuti usanduke golide. Belu lilira, Bambo anyamuka asanamalize. Kwatsalako ndingathe ndekha.

Ndine mkamwini pamudzi pano. Apongozi amauza mkazi wanga, Naphiri, kuti maphunziro sadzaza nkhokwe. Tiona.

Lachiwiri

Zofunika:
mtovu: zipolopolo za mfuti ya alamu anga a Kadango, zili m'chikwatu ku tsindwi
mchere: wa Naphiri, wogula kutali
mphika: wa apongozi, waukulu wofululira mowa
mvukuto: kwa wosula makasu

Wosula yekha ndiye ndampempha. Enawo ndidzawauza golide ali m'manja.

Lachitatu

Sileti ndi ya mwana wa eni, ndiye zizindikiro ndazilemba ndi makala pakhoma la nyumba. Zaoneka bwino.

Madzulo amayi opita kumadzi akulambalala nyumba yathu, akudzera m'thengo. Wina ndamumva: «Aphunzitsi ayamba kukhwima.» Ndifotokoza kuti uwu ndi mwezi chabe. Ati nanga mwezi ukutani pakhoma pa munthu masana?

Lachinayi

Ana abwera ochepa kusukulu. Bwino, ndaweruka msanga.

Kuseri kwa khola: moto ulipo, madzi alipo, mpweya ndi wa mvukuto, dothi ndi mphikawo. Zonse zinayi zimene akale aja ankati zimapanga chilichonse zakwana. Mtovu usungunuka, unyezimira ngati siliva. Ndithira mchere. Kenako madzi ozizira, pakuti chizindikiro chake chilipo ndipo chiyenera kugwira ntchito.

Phu! Mphika wagawika pawiri. Nsidze zapita. Mtovu uli m'phulusa, wotuwa monga kale, koma tsopano sungalowenso mu mfuti.

Lachisanu

Nguluwe zalowa m'munda wa banja. Chimanga chinali chitangokhwima, chagona mbali yonse ya kumtsinje. A Kadango anathamanga ndi mfuti, m'chikwatu mulibe kanthu.

Andiyang'ana pankhope, pamene panali nsidze. Naphiri wabwera ndi mawu a apongozi, popeza iwo ndi ine sitilankhulana maso ndi maso: «Amayi akuti mphika unali wa amayi awo. Akutinso njira yopita kwanu sinamere udzu.»

Ndiwo lero zilibe mchere.

Loweruka

Bambo amva, andiitanitsa. Ndifunsa chimene ndalakwitsa pa kaphikidwe. Ati palibe. Anthu aja anaphika moyo wawo wonse, golide sanamuone, ena anafa ndi utsi. Izi akananena Lolemba.

Andilamula: ndifufute khoma, ndiyende khomo ndi khomo kukatenga ana a sukulu, ndikaulule machimo. Kumudzi andilamulanso: msasa wa kumunda ndi wanga mpaka kukolola, ine ndi chitini chowopsezera nguluwe. Kuzizira kwa kuphiri kuno sikusamala kuti munthu ndi mphunzitsi.

Lamulungu

Titapemphera, mkulu wina wa tsidya lija andikokera pambali. Akuba amuvutitsa. Wamva kuti nyumba yanga palibe amene akuiyandikira, ndiye akufuna ndimulembere chizindikiro chimodzi pa nkhokwe yake. Ndimuuza kuti zilibe mphamvu iliyonse. Agwedeza mutu, ati odziwa onse amatero.

Ndatopa kufotokoza. Ndamulembera cha mchere.

Wabweretsa thadzi lalikulu. Naphiri walilandira, wapita nalo kwa apongozi osalowa nalo m'nyumba. Yankho labwera: ndikhale kaye, aone.

Golide palibe. Nsidze akuti zimamera. Loweruka ndili ndi china chokaulula.