Galimoto Yosalowa Bokosi la Maliro

Mukadzandiona pa msewu waukulu wa kuno ku Rufunsa mawindo onse ali otsitsa pakati pa mwezi wa chisanu, musandiimitse n'kumafunsa chifukwa. Ndikuuzani lero kamodzi kokha, museke mumalize, nkhaniyi tiikwirire.

Ine ndine mlangizi wa zaulimi. Dzina langa anthu kuno analitaya kalekale, amangoti ba Agirikacha. Boma litanditumiza kuno kuchoka ku Lusaka ndinabwera ndi kavaneti kakale, kaja kotsegula kumbuyo, ndipo ndinkaganiza kuti n'kanga. Posakhalitsa ndinadziwa mwini wake weniweni. Anali ba Sakala, wapampando wa komiti ya maliro kutchalitchi kwathu, mdala wa mawu ofewa amene sapempha kanthu, amangokuuza nthawi. Amafika pakhomo chipewa chili m'manja n'kuti, "Ba Agirikacha, mawa m'mamawa. Bokosi lili kwa kalipentala, thupi lili ku mochale ku Mpanshya. Maliro n'kulirana." Mawu amenewo ungawayankhe chiyani?

Chimene chinkandiwawa chinali Loweruka. Ndinali nditalonjeza ana anga kuti ndidzawatengera kumadzi otentha a ku Chinyunyu, pafupi pomwepa. Mwana wanga wamkulu, Tamara, anamva kusukulu kuti m'madzimo dzira limapsa lokha, ndiye ankafuna akaone ndi maso ake. Lonjezolo linakula pamodzi ndi mwanayo. Loweruka lililonse tikati tinyamuke, chipewa cha ba Sakala chatulukira pa geti (anthu a kuno, Mulungu awalandire, amakonda kuikidwa Loweruka).

Choncho titagwirizana ndi amake Tamara kuti tigule galimoto ya banja, yokwera m'mwamba, yotseka konse, yoti izitha misewu yathu nthawi ya mvula, ine ndinali ndi pulani yangayanga. Ndinapita kwa kalipentala ndi chingwe, n'kuyeza bokosi lalifupi pa onse a akuluakulu, n'kudula pomwepo.

"Ndani watisiya?" anafunsa kalipentala.

"Palibe."

"Nanga ndani adwala?"

"Palibe, ba kalipentala, gwirani chabe uko."

Anagwira, koma akundiyang'ana ngati mfiti.

Ku Lusaka, pa yadi yogulitsira magalimoto ochoka kunja, tinalandiridwa ndi mnyamata wa nsapato zosongoka. Amake Tamara anali atakonzeka ngati opita kukhoti. Imamwa mafuta bwanji? Masipeya ake apezeka? Pansi sikhula pa miyala? Mtengo wake ukwana pa ngongole imene tatenga? Mafunso anzeru okhaokha. Ine ndinkangozungulira kumbuyo kwa galimoto iliyonse, kutsegula buti, kutambasula chingwe changa.

Mayiwo anakonda ina yasiliva, yayitali, yosamwa mafuta, mtengo wake wotisiyira ndi chenji. Wogulitsa uja anamenya padenga pake n'kuti, "Bosi, iyi ni nyumba. Mungaikemo na firiji." Ndinatambasula chingwe. Chinalowa chonse, malo n'kutsala oikapo nkhata za maluwa. Mtima unangoti psuu.

"Injini iyi ikukhosomola," ndinatero.

"Simunailize n'komwe," anatero amake Tamara.

"Ndaimva ndi maso. Zinthu izi zimafuna mwamuna."

(Mawu amenewa amandibwerera usiku ndi usana, chifukwa mayiwo anawasunga bwinobwino ndipo amawatulutsa alendo akabwera.)

Ndinasankha ina yakuda, yaifupi kumbuyo, yodula kuposa yasiliva ija, yomwa mafuta ngati ili ndi ludzu la chaka chatha. Koma chingwe chinakana. Ndinayesa chowongoka, chakana. Chopingasa, chakana. Ndinangotsala pang'ono kuvina. Mayi ali panja kuyang'ana matayala, mnyamata uja analowetsa dzanja pambali pa mpando wakumbuyo n'kuti, "Osadandaula na malo, bosi. Mukadonsa apa, mipando iyi imagona yonse, flati."

Ndinamugwira dzanja. "Mphwanga, mipando iyi siigona. Wamva?"

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana envulopu ya ndalama imene inali m'thumba langa la malaya. "Siigona, bosi."

Kavaneti kaja ndinagulitsa kwa ba Mumba, a golosale pamsika, ndipo powapatsa makiyi ndinawamvera chisoni mumtima.

Loweruka loyamba tinakonzeka molawirira. Ana atasamba, atadzola, akhala kale m'galimoto yonunkhira upya. Tamara anali atakulunga mazira aawisi m'kachitenje n'kuwaika pampando wakumbuyo. Ndikuti ndilize injini, chipewa chija pa geti. Koma ulendo uno ndinali wokonzeka. Ndinatsika mwaulemu, nkhope yachisoni, n'kutsegula buti. Ndinatulutsa chingwe ndi kuwaonetsa ba Sakala kuti onani, mtima ulipo, koma motoka ndiyo yakana.

Mdalayo anayang'ana nthawi yaitali, akugwedeza mutu. "Zoona, silingalowe. Musavutike mtima, ba Agirikacha, thupi azatenga ba Mumba." Ndinayamba kutseka buti. "Imwe muzatenga chabe azimayi."

Abale anga, munthu sadziwa ubwino wa udindo wake mpaka atatsitsidwa. Zaka zonse zija ndinkadandaula, sindinkaona kuti wonyamula thupi ndiye bwana wa madalaivala. Amayenda ulendo umodzi, pang'onopang'ono, anthu akuvula zipewa m'mbali mwa msewu. Mafuta amamuthirira kuchoka pa zopereka za pamaliro. Akafika amamupatsa mpando pamthunzi ndi mbale ya nkhuku. Ndipo amene wamunyamulayo ndi pasinjala wabwino kuposa onse: sakuuza njira, sakuimitsa kuti apereke moni kwa alamu ake, sataya kanthu pampando.

Wonyamula azimayi alibe mafuta, chifukwa iye "akuthandiza chabe." Ana anatsika misozi ili m'maso, ine n'kuyamba. Ulendo woyamba unali wa ophika, ndi mapoto awo a mwaye, thumba la kapenta, makabichi ndi ndowa ya munkoyo, thobwa la kuno, imene chivundikiro chake chinali mbale. Pa bampu yoyamba ndinamva kuti khwavu, wina n'kuti, "Ni pang'ono chabe, ba Agirikacha, uzauma." Ulendo wachiwiri unali wa akwaya. Kavaneti kaja nyimbo zinkapita ndi mphepo, koma m'galimoto yotseka nyimbo ya maliro imakulowa m'mano, ndipo mayi wa mawu okwera ankasunga bite ya nyimbo pomenya denga langa ndi chikhatho. Ulendo wachitatu unali wa okalamba, amene kale ankatsala kunyumba poopa fumbi la pa lole yonyamula olira. Tsopano atamva kuti kwabwera motoka ya mawindo, aliyense mwendo unapola.

Pa ulendo umenewu m'pamene mayi wina wathupi lodalitsika anakhala pa kachitenje ka Tamara. Ndinamva kaphokoso, koma ndinaganiza kuti ndi mawondo awo. Iwo anangosuntha pang'ono n'kupitiriza kulira. Ndinadziwa zoona zake patapita masiku, dzuwa litagwira ntchito yake pa mazira amene anayenderera kulowa pansi pa mpando n'kukumana ndi munkoyo ndi mutu wa kapenta. Kavaneti ndinkangokathira ndowa ya madzi, basi kayera. Iyi ndaichapa ndi sopo, ndi mandimu, ndi phulusa, ndaikamo makala, ndapachikamo timitengo tonunkhira tija, koma fungo limangosintha mtundu.

Pofika kumanda ulendo womaliza, thukuta lili kamukamu, nyale ya mafuta itayaka, ndinaona ba Mumba ali pampando pansi pa mtengo akupukuta mafuta a nkhuku kukamwa. Chapafupi ba Sakala anali kuthira petulo wa m'chigubu mu kavaneti kanga. Kanga! Ba Mumba anandikwezera dzanja: "Ba Agirikacha, kamotoka aka kali na mwayi!" Ndinafuna kulira, ndipo pamalo pake panali poyenera, palibe akanandidabwa.

Atatha kuika, ba Mumba anapita kukatsegula golosale yawo. Ine ndinayamba kubweza aliyense, ndipo wamoyo safuna kutsikira pamsewu, amafuna pakhomo pake penipeni.

Zinapitirira chomwecho Loweruka ndi Loweruka. Tamara anasiya kufunsa za ku Chinyunyu, ndipo kusiya kwakeko kunandipweteka kuposa kufunsa. Amake ankangoti tikaima pothira mafuta, "Yasiliva ija mwina pano inapola chifuwa."

Tsiku lina ndinagonja. Ndinaganiza kuti bola ndibwerere pa udindo wanga wakale: ulendo umodzi, mafuta aulere, pofika masana ndamasuka, ana n'kuwatengera kumadzi kwawo. Ba Sakala atafika pa geti ndinawaitana kumbuyo kwa galimoto. "Ba cheya, ndatulukira chinthu." Ndinalowetsa dzanja pambali pa mpando, n'kudonsa. Mipando inagona yonse mwaulemu. Ndinatambasula chingwe, chinalowa.

Sindinadziwe kuti amake Tamara aima kumbuyo kwanga ndi beseni la zochapa.

"Atate a Tamara, mwatulukira liti?"

"Dzulo."

"Dzanja lanu lapita lokha pamalo pake ngati lapita kwawo."

Ndinayang'ana kwa ba Sakala kuti andipulumutse. Mdalayo nkhope inali itawala, akusisita pansi posalalapo ndi chikhatho.

"Mulungu ni wabwino, ba Agirikacha! Thupi tizasiya kwa ba Mumba, azolowera, tisawakhumudwitse. Koma manje mipando ikagona so, azimayi azankhala pansi monga pamphasa. Angalowe onse, na aja a ku Mpanshya amene tinali kuwasiya. Na nkhuni."

Loweruka lomwelo amake Tamara anatenga ana n'kukwera minibasi kupita ku Chinyunyu. Anabwera madzulo akuseka, mapazi atayera. Ndinafunsa ngati dzira linapsa. Tamara anayang'ana amake, amake n'kuti, "Zinthu izi zimafuna mwamuna, mukaone nokha." Mpaka lero sindikudziwa.

Phunziro ndilibe loti ndikupatseni, kupatula kuti pogula galimoto muzimvera amene akufunsa za mafuta. Ngongole ndikulipirabe. Chingwe chija sindinataye, chili m'galimoto momwemo. Mapoto akachuluka chitseko chakumbuyo sichitsekeka, ndiye ndimamangira chomwecho, ndipo ba Sakala amayamikira kuti ndinachidula pa muyezo wake.