Vidiyo ya Mphindi Zitatu

Lolemba

Ayankha! Ndili m'gulu la anthu otsiriza. Uthengawo ndauwerenga kanayi mu ofesi ya ahedi, kachisanu kuseri kwa kalasi kuti ana asandione ndikuvina ndekha.

Ndilembe bwinobwino kuti ndikhulupirire. Bungwe lija losinthanitsa achinyamata likufuna mphunzitsi wa sukulu ya mkaka woti akakhale chaka chathunthu ku Norway, azikagwira ntchito ndi ana a kumeneko, azikagona pabanja la komweko. Chatsala n'chimodzi: vidiyo ya mphindi zitatu, yojambula kamodzi n'kamodzi, yosadula paliponse, ine ndikulankhula ndi kuonetsa chikhalidwe cha kwathu. Ifike Loweruka 12 koloko masana isanakwane. Alemba okha kuti amene sakulankhula mu vidiyo yake, fomu yake saiona n'komwe.

Mphindi zitatu n'chiyani kwa ine? Tsiku lililonse ndimalankhula ndi ana a zaka zinayi kuyambira m'mawa mpaka masana osameza malovu.

Pulani yanga:
- chitenje chobiriwira chija
- kuima pakhonde, phiri la Michiru lioneke kumbuyo
- kanyimbo kamodzi ka ana
- kuonetsa mmene timaberekera mwana kumbuyo, mwanayo akhale pilo
- basi

Kamera ya foni yanga inasweka, ikajambula munthu amaoneka ngati ali mu utsi. Tiya, mnzanga wa pa nyumba yachitatu, foni yake ndi yabwino, koma ntchito yake ya ku Limbe amachoka mbandakucha, kubwera dzuwa litalowa. Wandilonjeza Loweruka m'mawa. Nthawi ikwana.

Madzulo ndikuwauza amayi. Akufunsa kuti: "Chikhalidwe cha munthu mmodzi chimakhalako?" Ndisanayankhe, foni yawo ili kale kukhutu kwawo.

Lachiwiri

Zimene ndikufuna kudziwa za kumeneko:
- ati nyengo ina dzuwa sililowa. Nanga nkhuku zimadziwa bwanji nthawi yolowa m'khola?
- ati makanda amawagoneka panja kukuzizira, dala, kuti alimbe. Kuno ungaone mmene apongozi angakuyang'anire!
- madzi oundana akagwa pabwalo, amasesa ndani? Ndi tsache lanji?
- basi ikakwana nthawi yake imanyamuka ngakhale muli anthu atatu. Dalaivala mtima sumupweteka?

Ndikuweruka, ndikupeza nsapato zamatope pakhomo. Amalume a ku Machinjiri, mlongo wawo wa amayi. Abwera ndi nzimbe, komanso ndi chigamulo. Akuti ife ndife Alomwe, mwana ndi wa kuchikazi, choncho azungu aone tchopa. Gulu ali nalo: ng'oma zitatu, ovina khumi ndi awiri, zikopa, nthenga, zonse.

Ndikuwauza mwaulemu kuti tchopa sindinavinepo. Ndinabadwira ku Chilomoni kuno, gule amene ndimamudziwa ndi wa pa ukwati, wolowa ndi perekaniperekani. Akuseka mpaka kutsokomola. Akuti zili m'magazi, ng'oma ikalira miyendo ikumbuka yokha.

Ndayesa kuifunsa miyendo yanga kuchipinda. Siikukumbuka kalikonse.

Adadi ali pampando wawo ndi nyuzipepala. Tsamba lomwelo chiyambire amalume kulankhula. Ndikuwadziwa, akumva zonse.

Lachitatu

Ndinanena! Adadi aimbira akulu awo.

Bambo aakulu a ku Kameza afika 4 koloko ndendende, jekete, tayi, ambulera. Anagwira ntchito m'boma zaka zambiri, pano ndi mkulu wa mpingo, ndipo ngakhale akupempha madzi akumwa amayamba ndi mawu akuti "poyamba". Akuti poyamba, kwathu ku Rumphi mwana ndi wa bambo. Kachiwiri, dzina limene lili pa pasipoti ndi la kuchimuna. Kachitatu, amayi a kumpingo kwawo amatha visekese, gule waulemu, wa amayi, wosafuna zikopa.

Ine Chitumbuka changa chimathera pa moni.

Ndiye ndine wa ndani? Funsoli sindinalifunsepo pa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Kusukulu ndine "antie", mu minibasi ndine "asisi", kunyumba ndine wotsuka mbale. Anthu a ku Norway afunsa kamodzi kokha, mitundu iwiri yatulukira kudzanditenga. Zikundiseketsa, koma zikundikomeranso pang'ono, ndisaname.

Bambo aakulu atulutsa cholembera, agawa mphindi zitatu zija papepala, mizere yowongoka ndi rula:
- pemphero, masekondi 20
- mawu a mwini nkhani, masekondi 40
- visekese, mphindi imodzi
- tchopa, mphindi imodzi

Pilo wanga mulibemo. Ndikufunsa ngati pemphero lingachitike kamera isanayambe. Andiyang'ana pamwamba pa magalasi: "Pemphero lobisa ndi la chiyani? Anthuwo aone kuti akutenga mwana wa m'banja lopemphera."

Masekondi makumi awiri si ambiri. Ndavomera.

Lachinayi

Amalume amva pa foni kuti visekese zili patsogolo pa tchopa. Akuti chabwino, womaliza ndi amene amakumbukika. Bambo aakulu amva kuti amalume atero, tsopano akufuna visekese zikhale kumapeto. Amayi ndi adadi sakulankhulana, mchere akupatsirana kudzera mwa ine.

Masana kwabwera amayi atatu a visekese kudzandiphunzitsa. Chisekese n'chinthu chokongola, ngati kamphasa kakang'ono ka mapesi, mkati muli timbewu, ukachigwedeza chimalira kuti seke seke. Manja akamagwedeza, miyendo ikuyenera kuchita zake. Manja anga akayamba, miyendo ikuima kuonerera. Mmodzi wa amayiwo wanena zinazake mu Chitumbuka, anzake aseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Adadi akana kumasulira.

Atangochoka, mkazi wa amalume wafika kudzandiphunzitsa tchopa popanda ng'oma, akuimba ndi pakamwa. Ndaponda beseni.

Nkhani yafala mu layini monse. Amene andiimitsa panjira lero:
- mayi wogulitsa tomato, akufunsa ngati ku Norway kuli pafupi ndi Joni, ali ndi katundu wa mwana wawo
- wowotcherera zitsulo, akufuna chikwangwani chake chioneke kumbuyo kwanga
- aneba, akuti mwana weniweni alipo, pilo n'chipongwe

Ndawerenganso za kumeneko. Ati ana amaitana aphunzitsi ndi dzina lenileni, ngakhale agogo amangowatchula dzina. Ndayesa kutchula dzina la bambo aakulu chamumtima, lilime lakana. Ati munthu akafuna kukana amangoti ayi, osazungulira, ndipo palibe amene amakwiya. Zimenezi ndiye ndikufuna ndikazione ndi maso anga. Amatani nkhope akamanena? Amayang'ana kuti?

Lachisanu

Chiperoni. Phiri la Michiru lasowa, kwangotsala mtambo.

Pakhomo pasanduka pa chinkhoswe. Miyala ya m'mbali mwa bwalo apaka laimu. Sofa atulutsa panja kuti akuluakulu adzakhalepo, kenako aibwezanso chifukwa cha mvula yowaza. Amayi akuchapa makatani amene sadzaoneka n'komwe mu vidiyo. Akuchapa molimba ngati awalakwira.

Ndayesa kudzipulumutsa. Pa nthawi yopuma kusukulu ndaimika foni yanga pawindo, ndajambula ndekha mawu anga onse, pilo kumbuyo. Ndikuonera: mawu akumveka, koma munthu palibe, kukungoyenda chinthu chobiriwira mu utsi. Bola ya mawa.

Ndikupita kwa adadi, ndikuwapempha kuti akawauze akulu awo kuti masekondi makumi awiri ndi makumi awiri basi. Apinda nyuzipepala, apuma mozama. Akuti mkulu wawo anawaphunzitsa sukulu, anawapezera ntchito, anawaperekeza kokafunsira amayi. Sangayambe lero kumuyezera pemphero ndi wotchi.

Mawu anga a masekondi makumi anayi ndawaloweza. Ndawanena posamba, posita, potunga madzi pampopi. Akutha pa masekondi 38.

Ndili ndi mantha. Ndikufuna kupita, ndikufunitsitsa. Si kuti kuno ndatopako, koma ndikufuna ndikaone anthu ena mmene amakhalira, ndidzabwere ndidzafotokoze ine, osati kumangomva za eni ake.

Amayi andipeza ndikusita chitenje. Akufunsa kuti chaka chimodzi ndi Khrisimasi imodzi kapena ziwiri. Ndikuti imodzi. Akuti oho, akutuluka.

Loweruka

8 koloko: Tiya wafika, foni yodzaza moto, bandulo yokwanira. Akuti netiweki ya kuno ndi yaulesi, tiyambe kutumiza isanakwane 11:45, apo ayi tagwa nayo.

9 koloko: amayi a visekese afika, zitenje zofanana. Bambo aakulu akhala pa sofa, pepala lija pabondo.

10 koloko: a tchopa kulibe. Minibasi sinadzaze, ili pa siteji ku Machinjiri. Ndikunong'oneza adadi kuti tijambule ndi amene alipo. Amayi anga amva. Sindibwerezanso.

11 koloko: afika! Koma ng'oma zazizidwa ndi chiperoni, zikulira ngati chidebe chonyowa, ziyenera kuwambidwa pamoto. Nkhuni nazo n'zonyowa. Ine sindinkadziwa kuti ng'oma imaothanso moto ngati munthu, ndipo tsiku lina ndikanafunsa mafunso ambiri.

11:28: tonse pamalo. Bwalo ladzaza, aneba pampanda, wowotcherera ndi chikwangwani chake. Tiya akukweza dzanja. Bambo aakulu akuti ndigwade. Zimenezi papepala panalibe. Ndikugwada, dzanja lawo pamutu panga, lolemera, lofunda.

Ayamba ndi kulengedwa kwa dziko.

Ndikuwerenga chamumtima. Makumi awiri: tili pa Abulahamu akuchoka kwawo. Mphindi imodzi: Yosefe ku Iguputo. Akupempherera oyendetsa ndege, okonza ndege, nyanja zimene ndegeyo idzadutse pamwamba pake, banja la ku Norway ndi ziweto zawo ngati ali nazo. Mawu anga a masekondi 38 ali pakhosi, ndikuwamva akugunda. Ndikungofunika kunena kuti pepani, kapena kutsokomola, kapena kusuntha mutu. Ndikutsegula pakamwa. Sizikutheka. Munthu wamkulu akulankhula ndi Mulungu za iwe, dzanja lili pamutu pako, umayambira pati?

Ameni wafika 11:39. Ndikudzuka kuti tiyambirenso, pali mphindi zokwanira bola tifulumire. Dzanja lina latera pamutu. Amalume: "Ifenso akuchikazi tiikepo mawu, mwanayu sanagwe kumwamba."

Iwo sachita kuwerenga mabuku ambiri, koma mayina a abale amawadziwa onse, amoyo ndi otsogola.

11:47: Tiya akugwada pambali panga ngati wagwidwa ndi pemphero. Akunong'ona kuti ali ndi mphindi zitatu zoyamba zija basi, atumize kapena asiye? Ndikugwedeza mutu pang'onopang'ono pansi pa dzanja la amalume. Tumiza.

Yapita 11:58.

Itakwana 12 ndi mphindi khumi, ng'oma zalira. Mayo ine, zalira! Amayi a visekese sanadikire nthawi yawo, alowa momwemo, seke seke pamwamba pa tchopa, ndipo zikugwirizana. Bambo aakulu avula jekete. Ine ndavina ngati wopenga, sindikudziwa kuti ndi gule wa mbali iti, mwina ndi wa pa ukwati womwewo. Onse akuti vidiyo yatheka bwino kwambiri. Palibe amene wafunsa kuti yatumizidwa iti.

Lamulungu

Kutchalitchi anthu akundigwira chanza, ena ayamba kale kunditsanzika. Ndikungoti zikomo.

Uthenga wa bungwe ulipo, wa makina, wothokoza kuti vidiyo yafika ndi kukumbutsa malamulo aja. Sindikufunika kudikira yankho la munthu. Sindinatulutse liwu ngakhale limodzi. Ku Norway chaka chino sindipita, ndipo zikundipweteka kwambiri. Ndalira posamba, ndamaliza.

Masana Tiya wanditumizira vidiyoyo. Sindimafuna kuionera, koma chidwi changachi sichimva. Ndikufuna ndione zimene mzungu wina adzaone mawa akumwa khofi.

Adzaona mtsikana wa chitenje chobiriwira atagwada, nkhope siikuoneka. Adzaona tayi ikugwedezeka. Adzaona amuna a zikopa ndi nthenga atawerama, amayi a zitenje zofanana atagwira visekese pachifuwa kuti zisalire, aneba pampanda atavula zipewa. Anthu oposa makumi anayi, onse otsinzina, mphindi zitatu zathunthu. Adzaganiza chiyani? Ndikanakonda ndikanakhalapo ndimuone nkhope.

Ndaonera kachiwiri, ndipo ndaona chimene dzulo sindikanatha kuona. Si onse atsinzina. Amayi anga aima kumbuyo, pafupi ndi chitseko, maso ali phenyu. Sakuyang'ana kamera, sakuyang'ana bambo aakulu. Akuyang'ana ine, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osaphethira, ngati mmene umayang'anira munthu amene basi yake yayamba kale kuyenda. Pemphero litafika pa ndege, akuluma nsonga ya chitenje.

Ndawapeza kuseri akusankha nyemba. Ndawauza zonse, za mphindi zitatu, za lamulo lija, kuti sindipita.

Akuti: "Pepa mwanawe. Pepa ndithu." Akunena zoona, ndikumva m'mawu awo.

Ndabwerera kuchipinda kudzalemba izi. Kuseriko ayamba kuimba, chapansipansi, nyimbo ya chisangalalo. Akuganiza kuti sindikumva.