Thiraki ya Ababa

Lolemba, 3 Novembala

Ndaganiza, ndipo palibe wondibweza. Ababa akukwanitsa zaka 70 sabata yamawa, ine kuphwandoko sindikapezekako, madamu amene ndimawagwirira ntchito kuno ku Dubai akuti tchuthi changa ndi Julayi. Ndiye m'malo mwanga mupita thiraki. Suti ndi foni agule achimwene a Limbani, akhale atagulako kanthu pa moyo wawo.

Thiraki yake ndi zija za m'bokosi: tizidutswa ta pulasitiki, umamata wekha ndi guluu mpaka ituluke thiraki yakalekale, yotalika ngati buledi. Ndinaziona m'shopu ina ku molo, chinyumba cha mashopu chija. Ababa anayendetsa thiraki zaka makumi atatu, Blantyre kupita ku Beira, Beira kubwerera ku Blantyre, koma chithunzi chake n'chimodzi chomwe kunyumba kulibe. Anajambulitsa ndi mbuzi, ndi wailesi, thiraki ayi.

Anambewe, mnzanga wa kutchalitchi, akukwera ndege Lamulungu. Andisungira malo m'chikwama, "bola chisapose nsapato ziwiri."

Pulani:
- lero kusankha
- mawa kugula
- Lachitatu mpaka Lachisanu kumanga
- Loweruka penti
- Lamulungu kupereka kwa Anambewe, kudikira madalitso

Ine amene ndinkapinda magalimoto a mawaya ku Bangwe, anyamata n'kumachita kundinyengerera kuti ndiwabwereke! Pulasitiki singandivute.

Lachiwiri, 4 Novembala

Sindinasankhe. Pa foni zilipo zoposa makumi anayi! Zina zamphuno yaitali, zina zankhope yaphwatalala. Ya Ababa inali iti? Ndikukumbuka hutala, fungo la dizilo ndi kokonati wa ku Beira. Nkhope yake sindikuikumbuka, ndinali kamwana.

Ndiye ndachita chinthu chopusa: ndafunsa pa gulupu ya banja, ija mulibe Ababa.

- Amayi: yofiira, yamphuno. "Makatani ake ndinkachapa ndine."
- Achimwene a Limbani: yobiriwira, yopanda mphuno. "Koma Dubai yakoma, alongo, mwafika pogula zidole."
- Azakhali a ku Ntcheu: yoyera.
- Msuweni wanga Chikondi: yabuluu. Chikondi anabadwa Ababa atasiya kale ntchito!

Kugula ndasunthira mawa. Ana a madamu akudwala chimfine onse awiri, tsiku latha ndikupukuta mphuno zenizeni.

Lachitatu, 5 Novembala

Ndadzuka n'kupeza mauthenga 86. Nkhani ya thiraki yakula, yakhala ya mtundu wonse. Amalume adzisankha okha kukhala wapampando, atsegula ndi pemphero la pa voisi, mphindi zisanu ndi chimodzi. Apempha Mulungu kuti atiululire utoto.

Achita mavoti. Yofiira anayi, yoyera anayi. Ine wogula sanandipatse voti, akuti ndili kunja.

Masana Azakhali alemba kuti: "Mlamu, yofiira inali ya a Gondwe oyandikana nanu aja. Inu munkayang'anitsitsa thiraki ya ndani?"

Amayi atuluka pa gulupu. Amalume awabwezamo. Atulukanso. Andiimbira ndili pakati posita malaya a bwana, akuti ndikagula yoyera ndidziwe kuti ndasankha mbali. Ine ndimangofuna kusangalatsa nkhalamba, taonani ndafukula za a Gondwe, amene anagona kumanda kalekale.

Zomangidwa mpaka lero: palibe.

Lachinayi, 6 Novembala

Pobwerera kosiya ana kusukulu ku Oud Metha ndaonetsa zithunzi kwa a Tembo, dalaivala wa panyumba pano, wa ku Chipata. Sanachedwe: "Ba sisi, tengani yamphuno. Thiraki ilibe mphuno ni basi chabe." Ndawapempha kuti tidzere ku molo. Akuti madamu amaona pa foni paliponse pamene galimoto yaima, iwo sakufuna kubwerera ku Chipata chifukwa cha chidole.

Ndapempha madamu ola limodzi. Ayankha kuti, "Mawa, inshallah." Inshallah wa madamu ndimamudziwa, ndi yemwe uja analonjeza fani ya m'chipinda changa chaka chatha.

Pulani yatsopano:
- Lachisanu kusankha, kugula, kumanga
- Loweruka kumanga, penti, kupemphera kuti iume
- gulupu ya banja: kuitseka pakamwa

Mtima ukundiwawa pang'ono. Ukwati wa Chikondi sindinapite, chiliza cha agogo sindinapite. Ichi chokha ndimafuna chifike chili chathunthu, Ababa achiike pa kabati alendo azifunsa.

Lachisanu, 7 Novembala

Inshallah wagwira ntchito! Ola limodzi, a Tembo akudikira panja injini ili chilirire.

Mabokosi mpaka kudenga. Ndafunsa wogulitsa kusiyana kwa yamphuno ndi yopanda mphuno, akuti, "Same same, sister." Ndaima pamenepo mphindi makumi anayi, bokosi ili m'manja, ilo m'khwapa, a Tembo akungotumiza "yalla, yalla," kundifulumizitsa. Ndatenga yamphuno, pachikuto yofiira. Azakhali akakwiya amangosiya kukulankhula, Amayi akakwiya amakutchula m'mapemphero.

Ndatsegula m'chipinda changa. Mayo ine!
- tizidutswa toposa mazana atatu, tina tochepa ngati mpunga
- tonse totuwa, kufiira kuli pachikuto pokha
- guluu mulibe
- penti mulibe
- pepala la malangizo lili ndi mivi yokhayokha, mawu ake sindikudziwa n'chilankhulo chanji

Sabata yonse anthu akhala akutukwanizana za utoto, chinthucho chilibe utoto. Guluu andibwereka a Tembo, uja amamatira nsapato.

Loweruka, 8 Novembala

Kachipinda kanga kalibe zenera. Nditangotsegula guluu, madamu athamanga kukhitchini akufuula kuti gasi akutuluka, atulutsa ana panja, atsala pang'ono kuitana ozimitsa moto. Ndaulula. Andiyang'ana, ayang'ana timatayala tili mbwee pabedi, angoti, "Khalas," ndiye kuti "zatha," n'kuchoka. Sindikudziwa ngati khalas ameneyu ndi wa gasi kapena wa ine.

Zala ziwiri zamatirirana. Kagalasi kamodzi kamezedwa ndi makina opsontha fumbi. Waya unkamvera, ukaupinda molakwika umauwongola. Ichi ukamata wamata.

Pofika 4 koloko ndamaliza mkati mokha: pansi, mipando iwiri, giya, chiwongolero. Koma n'zokongola, ndisaname.

Kenako voisi ya Ababa. Achimwene a Limbani aulula, pakamwa pawo sipagona nkhani. Ndati basi, chinsinsi chatha, ndawatumizira Ababa chithunzi n'kufunsa za utoto. Ayankha akuseka mpaka kutsokomola:

"Mama, za utotozo musandifunse. Ine ndinkakhala mkati, kunja munkaona ndinu otsala. Mipandoyo ndi yomweyo ndithu. Koma chiwongolero mwachiika kwa pasenjala. Kumeneko kunkakhala chikwama changa ndi fulasiki."

Ndamvetsera katatu.

Lamulungu, 9 Novembala

Ndayang'ana pepala lija. Sindinalakwitse kumata, bowo la chiwongolero lilipo limodzi, kumanzere. Mathiraki a m'mabokosiwa ndi a maiko oyendetsera mbali ya kuno. Ndayesa kuchizula, guluu wa nsapato wakana.

Chimene chikundiwawa si bokosi. Tsiku lonse ladzulo chinthuchi chinali m'manja mwanga, ndikuchitembenuza, ndikuchinyadira, osaona cholakwika chilichonse. Mwana wa dalaivala! Zaka zisanu ndi ziwiri ndikukhala kumbuyo kwa a Tembo, maso anazolowera.

Titaweruka kutchalitchi ndakwera basi ya ku Karama, kwa Anambewe. Njira yonse ndimayesa kukumbuka minibasi ya ku Bangwe, kuti chitseko chimakhala mbali iti. Ndachita kutseka maso, kuimika dzanja ngati ndili pa siteji ku Limbe, mayi wa pambali panga n'kusuntha.

Anambewe ali pakati pokhalira chikwama kuti chitsekeke. Andifunsa, "Thiraki ija ili kuti, asisi?" Ndawapatsa kabokosi ka sopo. Atsegula, ayang'ana, atsekanso mwaulemu ngati muli maliro. Malo a nsapato ziwiri aja aikamo mafuta onunkhira a apongozi awo.

Zotsala pansi pa bedi: mphuno, matayala khumi, ngolo yonse, mkwiyo wa Azakhali.

Zopita ku Malawi: mipando iwiri, giya, chiwongolero chakumanzere.

Anambewe akuti ndilembeko kakalata koperekeza. Ndakana, palibe chowonjezera. Ababa akangoona mbali imene kuli chiwongolerocho adziwa okha kuti mwana wawo wakhalitsa.